Musaphe kadzidzi, ndi mlonda wa munda wanu

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za feteleza ndi mitengo ya kachewere pa msika wa Lizulu. Tikambeko za mbalame yomwe ambiri a ife sitifuna ngakhale kuitchula dzina kunja kukada. Mbalameyi ndi kadzidzi.

Mu Meyi 2024 ndidapita kwa mlimi wina wachikulire kufupi ndi pa Mlangeni kukaona mbewu ya kachewere yomwe adasunga m'nyumba ina yakale. Nditafika ndidapeza anyamata ali piringupiringu ndi malegeni. Pansi padali kadzidzi wakufa, wa nkhope yoyera, ndipo kudenga kwa nyumbayo kunkamveka phokoso ngati la munthu wochita nkonono. Adali ana ake.

"Bwanji abambo, walakwanji ameneyu?" ndidafunsa.

"Alangizi, mayi akunyumba akudwala sabata yachiwiri tsopano, ndiye chinthuchi chikulira padenga usiku uliwonse. Mufuna tidikire chiyani?"

Sindidatsutse. Ndidapempha beseni la madzi, ndipo ndidatola zibulumwa zakuda zomwe zidali mbwee pansi pa denga lija n'kuziviika. Titaziphwanya ndi kamtengo mudatuluka ubweya, timafupa ndi tizigaza ta mbewa, mano ake akutsogolo ali chiimire. Anyamata aja, pokhala akatswiri okumba mbewa, adayamba kutchula okha kuti uyu ndi kapuku, uyu ndi mwana wa khoswe. Abambo aja adayang'ana nthawi yaitali kenaka adati, "Inu zimenezi mudaziona ku sukulu. Ife tidaziona ku manda."

Mawu amenewa ndi omwe andichititsa kulemba nkhaniyi. Mantha a abambo aja ndi a anthu ambiri. Mu 1997 akatswiri awiri a za akadzidzi, Paula Enríquez ndi Heimo Mikkola, adafalitsa zomwe adapeza atacheza ndi anthu 147 kuno ku Malawi ndi ena 162 ku Costa Rica. Kuno kwathu anthu oposa 90 pa 100 aliwonse adati kadzidzi ndi mbalame ya tsoka, ufiti ndi imfa. Ku Costa Rica onena za malodza adali 4 okha pa 100. Mbalame ndi ya mtundu womwewo, koma mbiri yake ndiyo yasiyana. Ine si katswiri wa za malodza. Zomwe ndingakuuzeni ndi za moyo wa mbalameyi ndi ntchito yomwe imagwira m'munda mwanu inu muli mtulo.

Akadzidzi a kwathu kuno

M'Malawi muno muli mitundu 12 ya akadzidzi. Mlimi wa ku Ntcheu angakumane kawirikawiri ndi inayi.

Woyamba ndi kadzidzi wa nkhope yoyera, yemwe akatswiri amamutcha Tyto alba. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 35 ndipo salemera kufika theka la kilogalamu. Msana wake ndi wotuwa mosakanikirana ndi chikasu, kumimba n'koyera kwa timadontho, maso ndi akuda. Ameneyu salira kuti "huu huu" ayi. Amakuwa mokweza ndi liwu losasa ngati nsalu ikung'ambika. Amakonda kukhala pafupi ndi anthu: kudenga kwa tchalitchi ndi sukulu, m'nyumba zosiyidwa, m'mphako za mitengo, ngakhalenso m'chisa chachikulu chija cha nantchengwa. Pa onse, bwenzi lenileni la mlimi ndi ameneyu chifukwa chakudya chake chachikulu ndi mbewa.

Wachiwiri ndi wa maso achikasu, wa mawangamawanga, wokhala ndi tinthu ngati nyanga pamutu, Bubo africanus. Nyangazo ndi nthenga chabe, sizigwira ntchito ya kumva. Uyu ndiye mwini "huu huu" uja, ndipo nthawi zambiri mukamva awiri akuyankhana ndiye kuti ndi tambala ndi thadzi lake. Amaikira mazira awiri kapena atatu pansi penipeni pakati pa miyala, n'chifukwa chake mapiri athu a matanthwe a m'malire muno amamukomera. Amadya mbewa, ziwala, zikumbu, nkhululu, achule ndi timbalame.

Wachitatu ndi chimphona chija cha zikope zofiirira chomwe chimakhala m'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mitsinje. Ndiye kadzidzi wamkulu kuposa onse mu Africa, amapitirira masentimita 60 ndipo thadzi limatha kufika makilogalamu atatu. Ameneyu amagwira akalulu ndi nkhanga. Ndinene mosabisa kuti nkhuku yogona mumtengo angathenso kuitenga.

Wachinayi ndi wa m'madambo, yemwe amagona ndi kuswera pansi m'maudzu aatali. Mungamuone chakumadzulo dzuwa likamalowa akuuluka chamunsimunsi pamwamba pa udzu. Nayenso amadya mbewa ndi tizilombo.

Mmene amasakira mumdima

Anthu amadabwa kuti mbalame ingagwire bwanji kambewa usiku wa mdima wa ndiweyani. Apa palibe mankhwala. Chinsinsi chili pa maso, makutu ndi nthenga.

Maso a kadzidzi ndi aakulu ndipo onse awiri amayang'ana kutsogolo ngati a munthu, zomwe zimamuthandiza kudziwa kutalika kwa pamene pali nyama. Masowo satembenuka m'zibowo zake monga athu. Pofuna kuona kumbali amatembenuza mutu wonse. Khosi lake lili ndi timafupa 14 pamene la munthu lili ndi 7, choncho amatha kupotoza mutu mpaka kuyang'ana kumbuyo kwenikweni ndi kupitirirapo, thupi lili chikhalire. Izi n'zomwe zimaopsa anthu, koma ndi chilengedwe chake basi. Komanso si zoona kuti masana saona. Amaona ndithu, kungoti masana ndi nthawi yake yopuma ndiponso mbalame zina zikamuona zimamusowetsa mtendere.

Makutu ndiwo chida chake chachikulu. Ali m'mbali mwa mutu, obisika ndi nthenga, ndipo kwa kadzidzi wa nkhope yoyera khutu lina lili m'mwamba pang'ono kuposa linzake. Mtswatswa wa mbewa umafika m'makutu awiriwa mosiyana, ndipo kusiyanako kumamuuza malo enieni pamene pali mbewayo. Nkhope yake yonga mbale ija imasonkhanitsa phokoso n'kulilozetsa ku makutu. Mu 1971 katswiri wa ku America, Roger Payne, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wake zoonetsa kuti kadzidzi ameneyu amagwira mbewa m'chipinda chopanda kuwala ngakhale pang'ono, pongomvera mtswatswa wake pa masamba ouma.

Nthenga za mapiko ake n'zofewa ngati thonje, ndipo za kutsogolo kwa phiko zili ndi timano ngati chipeso. Izi zimapha phokoso la mphepo pouluka. Mbewa siimumva akubwera, ndipo iye mwini amapitiriza kumva mbewayo ali m'malere. Akafika amaigwira ndi zikhadabo, kuiluma pakhosi n'kuimeza yathunthu.

Ubweya ndi mafupa sizigayika m'mimba mwake. Pakapita maola angapo amazibzikula zitaumbika ngati kachibulumwa, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Zibulumwa zimenezi ndi umboni womwe mlimi aliyense angauone yekha. Mukapeza pogona pa kadzidzi, tolani zingapo, ziviikeni m'madzi, ziphwanyeni ndi kamtengo. Mukatha sambani m'manja ndi sopo.

Tiwerengere limodzi

Kadzidzi mmodzi wa nkhope yoyera amadya mbewa zitatu kapena zinayi pa usiku umodzi. Titenge zitatu zokha. Tambala ndi thadzi ndiye kuti mbewa 6 pa usiku, ndipo pa masiku 365 ndi mbewa 2,190. Apa sitinawerengere ana. Thadzi limaikira mazira anayi mpaka asanu ndi awiri, ndipo limafungatira kwa masiku 30 kapena kupitirira pang'ono. Limayamba kufungatira likangoikira dzira loyamba, n'chifukwa chake ana a chisa chimodzi amasiyana misinkhu. Anawo amakhala m'chisa pafupifupi miyezi iwiri asanayambe kuuluka, ndipo nthawi yonseyi makolo amakhala akututa mbewa usiku wonse. Banja lomwe lalera ana limapitirira mbewa 3,000 pa chaka.

Nthawi zambiri amaswa mvula ikamatha, pamene mbewa zachuluka m'minda. Chaka chomwe mbewa zabuka, amaikira mazira ochuluka ndipo amatha kuswa kawiri.

Tsono mdani wathu ndi wotani? Kapuku, yemwe akatswiri amamutcha Mastomys natalensis, ndiye mbewa yoononga kwambiri m'minda ya chimanga kuno kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa. Wamkazi amakhala ndi mawere ofika 24, bere lake ndi la masabata atatu ndi masiku ochepa, ndipo amaswa ana 10 kapena kuposerapo nthawi imodzi. Amafukula mbewu yomwe mwangobzala, amadula mmera, amakwera phesi kukadya chimanga, ndipo mukasanja mikukwe amalowa momwemo. Ku Tanzania, komwe akatswiri a pa Sokoine University of Agriculture ku Morogoro akhala akufufuza mbewayi kwa zaka zambiri, chimanga chotayika chifukwa cha mbewa chimayerekezedwa pa matumba 5 mpaka 15 pa matumba 100 aliwonse m'chaka wamba. Chaka cha mliri wa mbewa mlimi amatha kubzala kawiri kapena katatu.

Khoswe wa m'nyumba amadya pafupifupi magalamu 15 pa tsiku. Pa chaka ndi makilogalamu oposa 5. Makoswe 10 okha amatha thumba la makilogalamu 50, osawerengera chomwe aipitsa ndi mkodzo ndi zitosi, matumba omwe aboola, ndi mbewu ya kachewere yomwe aluma n'kuyamba kuola.

Alimi a maiko ena adaziona kale izi. Ku Israel, alimi a pa Sde Eliyahu adayamba kuika mabokosi a akadzidzi m'minda mu 1983, ndipo mu 2008 ntchitoyi idafalikira dziko lonse, mabokosi n'kufika zikwi zingapo. Alimi a ku Jordan ndi a ku Palestine adalowa nawo m'ntchitoyi. Ku Malaysia mabokosi otere amaikidwa m'minda ya kanjedza wa mafuta ndi ya mpunga. Ku Alexandra, mu mzinda wa Johannesburg, komwe anthu amaopa kadzidzi monga ife, mabokosi adaikidwa m'masukulu pofuna kuchepetsa makoswe.

Nanga bwanji amalira pakhomo pa wodwala?

Funso ili ndi lofunika kuliyankha bwino, chifukwa anthu sanama akamati adamumva.

Choyamba, kadzidzi amabwera pakhomo chifukwa pali chakudya. Pamene pali nkhokwe, khola, dzala ndi madeya pali mbewa ndi makoswe. Denga la nyumba ndi malo okwera abwino oti aimepo n'kumamvetsera.

Chachiwiri, amalira usiku wambiri pa chaka, makamaka nthawi yofunana ndi yolera ana. Kulirako ndi kuitana mnzake kapena kuchenjeza akadzidzi ena kuti dera lino lili ndi mwini. Masiku onsewo ife timakhala tili mtulo. Koma pakhomo pakakhala matenda anthu sagona, nyali imayaka usiku wonse, makutu ali tcheru, mtima uli m'mwamba. Pamenepo ndi pamene timamumva. Zovuta zikachitika timakumbukira kulira kuja. Wodwala akachira palibe amene amakumbukanso za kadzidzi.

Chachitatu ndi nkhani ya manda, yomwe abambo aja adanena. Tayang'anani nokha mukamayenda pa msewu wa M1 kuchoka ku Ntcheu kupita ku Dedza, mbali ya kwathu ngakhalenso tsidya la Angonia. Mitengo ikuluikulu yachilengedwe, ya mphako, yatsala kuti? Yambiri yatsala ku manda, chifukwa kumeneko nkhwangwa siifikako. Mbalame yofuna mphako ndi malo a zii masana ilibe kwina kopita.

Chomwe ndimaopa ine n'chakuti banja likatanganidwa ndi kuthamangitsa kadzidzi ndi kufufuza yemwe wamutuma, wodwala amachedwa kupita ku chipatala, ndipo pamudzi pamabuka udani. Chikuni cha moto chomwe timaponyera kadzidzi padenga la udzu chingathenso kutentha nyumba.

Zomwe kadzidzi sangathe

Ndisakunamizeni kuti mukakhala ndi kadzidzi ndiye kuti mbewa zatha. Chaka cha mliri mbewa zimaswana mofulumira kuposa mmene akadzidzi angadyere. Ntchito yawo ndi kuchepetsa, usiku ndi usiku, chaka chonse, kwaulere.

Komanso akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Masiku ano ambiri timasunga chimanga m'matumba kuchipinda poopa akuba, ndipo kumeneko kadzidzi salowako. Khoswe wamkulu kwambiri nayenso kadzidzi wa nkhope yoyera samugwira kawirikawiri, amakonda ana ake ndi mbewa zazing'ono. M'nyumba mufunika misampha, mphaka ndi ukhondo. Matumba akhale pa thandala, osagunda khoma. Ngati muli ndi nkhokwe ya panja, miyendo yake ikhale yotalika mita imodzi, muiveke malata opindidwa ngati chipewa kuti khoswe asakwere, ndipo lambulani udzu pozungulira. M'munda palirani msanga, ndipo musasiye mikukwe nthawi yaitali. Misampha ndi maliwa zimathandiza kwambiri alimi oyandikana minda akatchera pamodzi mvula isanayambe, popeza mutu umodzi susenza denga.

Za nkhuku, mankhwala ake ndi khola lotseka usiku. Khola lomwelo limatetezanso ku afisi, avumbwe ndi anthu a manja aatali.

Adani a kadzidzi

Mdani woyamba ndi legeni. Wachiwiri ndi poizoni wa makoswe. Mankhwala ambiri a makoswe sapha tsiku lomwelo. Khoswe amayenda masiku angapo ali wofooka, ndipo wotereyu ndi amene kadzidzi amamugwira mosavuta. Poizoni amaunjikana m'thupi mwa kadzidzi mpaka naye kufa, kapena amakapha ana ake m'chisa. Tameki yemwe amagulitsidwa mobisa m'timapepala ndiye woopsa koposa: amapha mphaka, galu, nkhuku ngakhale mwana wa munthu. Tisaiwalenso kuti kwathu kuno mbewa ndi ndiwo. Wothira poizoni m'munda sadziwa kuti mbewa imeneyo ikathera m'mbale mwa yani. Ngati mwakakamizika kugwiritsa ntchito mankhwala, gulani ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, ikani m'nyumba mokha pamalo pomwe ana ndi ziweto sangafike, ndipo makoswe akufa muwakwirire mozama.

Mdani wachitatu ndi moto wolusa. Anyamata akatentha tchire posaka mbewa amapsereza mazira ndi ana a akadzidzi oswera pansi, komanso manyowa omwe nthaka ikadapindula nawo. Wachinayi ndi galimoto. Akadzidzi amakonda kusaka m'mbali mwa msewu, ndipo magetsi a galimoto akawathobwa m'maso amagundidwa.

Kumupangira malo

Njira yosalira ndalama ndi kusiya mitengo ya mphako ndi kuleka kusokoneza chisa chomwe chilipo kale. Njira ina ndi kuzika milongoti yotalika mamita awiri kapena atatu m'munda, ya kamtanda pamwamba, kuti kadzidzi aziimapo posaka. Masana akabawi amaimanso pomwepo.

Wofuna kupanga bokosi atenge matabwa akale. Litalike masentimita 60, m'lifupi 45, msinkhu 60. Khomo likhale la masentimita 13 mpaka 15 ndipo likhale chakumwamba, pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi pa bokosi, kuti ana asagwe asanamere nthenga. Boolani timabowo pansi totulutsa madzi ndipo thiranimo utuchi pang'ono. Likhomeni pa mtengo kapena pa mlongoti mamita atatu kapena anayi kuchokera pansi, pa mthunzi, khomo litafulatira komwe kumachokera mvula. Likhale kutali ndi msewu wa M1, komanso patali ndi nyumba zogona kuti phokoso la ana lisavutitse anthu. Kulungani lata pa mlongoti kuti mphaka asakwere. Njuchi nazo zimakonda mabokosi otere, choncho muziliyang'ana. Musataye mtima likakhala miyezi lopanda mwini, kadzidzi amasankha yekha.

Musanakhome bokosi, kambiranani ndi amfumu ndi anansi anu. Pamudzi pomwe anthu amaopa kadzidzi, munthu womumangira nyumba mwakachetechete akudziitanira mlandu wa ufiti. Ndi bwino kuyambira pa munda wa kalabu ya alimi kapena pa sukulu yomwe ili ndi kalabu ya zachilengedwe, anthu aone okha zibulumwa zikuphwanyidwa.

Mukapeza mwana wa kadzidzi wa nkhope yoyera ali pansi, mubwezereni m'chisa chakumadzulo. Makolo samukana chifukwa choti mwamugwira. Wovulala musamusunge pakhomo. Dziwitsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, kapena a Lilongwe Wildlife Centre omwe amasamalira nyama zovulala.

Mmene zidathera

Abambo aja adalola kuti kadzidzi wotsalayo asaphedwe kufikira ana atauluka. Adati akuchita izi pondilemekeza ine monga mlendo, osati chifukwa chokhulupirira zonena zanga. Kholo limodzi silidathe kudyetsa ana onse, ndipo ang'onoang'ono adafa. Awiri adauluka. Mayi aja adapita nawo ku chipatala komwe adawapeza ndi malungo, ndipo adachira.

Nditapitakonso nthawi yobzala, ndidawafunsa ngati tsopano angalole bokosi m'munda mwawo. Adaseka n'kunena kuti, "Alangizi, musandithamangitse. Bokosi ayi. Koma anyamatawa ndawauza kuti legeni azilasira njiwa." Kadzidzi uja adali akugonabe kudenga kwa nyumba yakale ija.

Alimi anzanga, sindikukupemphani kuti mumukonde kadzidzi. Pempho langa ndi lakuti akalira usiku uno, m'mawa mukayang'ane pansi pa mtengo kapena denga lomwe amagona, mutole chibulumwa chimodzi, muchiphwanye ndi kuwerenga tizigaza tomwe tili m'menemo. Mukatero muweruze nokha.